Mwana wanu sanasanduke mkazi, akungosewera

Kuno kwathu ku Chifunde zinthu zambiri zimafika mochedwa, koma foni ya galasi lalikulu yokha sinachedwe. Chiyambire 2012, pamene kampani ya Movitel inayamba ntchito m'dziko muno n'kuimika nsanja zake mpaka kumidzi, ndiponso pamene timasola totchajira tinatsika mtengo, mwana wa ku Mualadzi, wa ku Nsadzu kapena wa kumalire ku Cassacatiza akusewera masewera omwewo amene akusewera mnzake wa ku Maputo ndi ku São Paulo. Mukadutsa pamsika dzuwa litapendeka mudzapeza anyamata ataunjikana pakhonde la okala, mitu itagundana, foni ili chopingasa m'manja mwa mmodzi, ena onse akumulangiza mokuwa ngati ali kumpira.

Ine ntchito yanga ndi ya pawailesi, ndipo Loweruka lililonse ndimakhala ndi pologalamu imene makolo ndi achinyamata amaimba foni kapena kutumiza uthenga. Madandaulo a masewerawa ndawamva ambiri: mwana sakupita kumunda, mwana akuba ndalama yogulira mamega, mwana akugona tambala atalira. Koma miyezi yapitayi kwabwera dandaulo lachilendo. Bambo wina, mlimi wa fodya, anaimba mawu akunjenjemera. "Achimwene, ndasuzumira pafoni ya mnyamata wanga wa zaka 15. Munthu amene akumuyendetsa m'masewera muja ndi mkazi, tsitsi lalitali, zovala zachikazi. Kodi mwanayu ali bwinobwino? Foniyo ndamulanda, ndipo ndamukwapula." Sabata yotsatira mayi wina anafunsa zofananazo, iye akuganiza zopita naye mwanayo kwa abusa kuti akamupempherere.

Nkhani imeneyi ndi imene ndikufuna tikambirane patsamba lino, chifukwa pali ana amene akulawa chikoti pa mlandu umene akuluakulufe sitinaufufuze. Paja akale anati safunsa anadya phula.

Poyamba ndifotokozere agogo ndi amalume amene sanawagwirepo masewerawa. Amene afala kwambiri kuno ndi Free Fire, a kampani ya Garena ya ku Singapore, amene anatuluka mu 2017. Afala chifukwa amayenda ngakhale pafoni yotsika mtengo. Anthu 50, aliyense ali kwawo ndi foni yake, amatsitsidwa ndi ndege pachilumba n'kuyamba kusakana, ndipo wotsala yekha, kapena gulu lotsala, ndiye wapambana. Musanalowe mumasankha munthu wa m'galasi amene mukhale mukumuyendetsa. Ana athu amamutchula m'Chipwitikizi kuti boneco, ndiye kuti chidole. Chidole chilichonse chili ndi luso lake. Kelly ndi mtsikana wothamanga, luso lake ndi liwiro. Moco ndi mtsikana amene akalasa mdani, mdaniyo amaikidwa chizindikiro kwa kanthawi, mwakuti anzako onse amaona kumene wathawira. Alok ndi mwamuna, anamujambula potengera woimba weniweni wa ku Brazil, ndipo luso lake ndi kuchiritsa anzake amene ali naye pafupi.

Monga malume, ndinaitana ana a mlongo wanga pamodzi ndi anzawo, tinakhala pansi pa mtengo wa mango, n'kuwafunsa mosawaopseza chifukwa chimene ena a iwo amasankhira zidole zachikazi. Poyamba anangoseka, kudabwa kuti munthu wamkulu angafunse funso lotere. Kenaka mayankho anayamba kugwa.

Woyamba anati: "Amalume, Kelly amathamanga. Ndikatenga wina amandipha ndisanafike pobisala." Ndinakumbukira alenje a kwathu. Mlenje akatenga galu wamkazi popita kuuzimba chifukwa ndiye waliwiro, palibe amamufunsa za umuna wake. Wachiwiri anati zidole zachikazi n'zowonda, choncho iye amakhulupirira kuti chipolopolo chimavuta kuzipeza. Wachitatu ananena za ndalama. Zidole zina ndi zovala zake zimagulidwa ndi timiyala ta dayamondi ta m'masewera momwemo, ndipo timiyalato timalipiridwa ndi meticais enieni. Mwana wa mlimi amangogwira chimene wachipeza ulere n'kuchizolowera. Wachinayi anati foni ndi imodzi pakhomo pawo, ndipo anayamba kusewera ndi mlongo wake wamkulu, amene anasankha chidole ndi dzina. Iye anangopitiriza, poopa kutaya zonse zimene anasonkhanitsa. Wachisanu, wamkuluko pang'ono, anayankha akukanda kumutu: "Amalume, m'masewera umu chidole umachionera kumbuyo nthawi yonse. Ndiye ola lathunthu ndiziyang'ana msana wa mwamuna mnzanga?" Onse anafa nacho chiseko.

Pa anyamata onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ananena kuti chidolecho ndi iyeyo. Onse ankanena kuti "boneco wanga," monga munthu amanenera kuti njinga yanga kapena khasu langa.

Zimenezi sizinayambe ndi ana a lero. Pamene ndinkaphunzira kusekondale mumzinda wa Tete, kunali tinyumba tina m'mabairro m'mene munkakhala wailesi yakanema ndi PlayStation, ukalipira kandalama n'kumenyana ndi mnzako pagalasi. Amene ankatigonjetsa tonse anali mnyamata wina wojintcha, wonyamula matumba pamsika, ndipo nthawi zonse ankasankha Nina Williams, mkazi wa m'masewera a Tekken. Aliyense womuseka ankatuluka m'nyumbamo atagwetsedwa kawiri motsatizana. Lero ndi bambo wa ana anayi. Akulu athu amene anaona masewera a Street Fighter II a mu 1991 amakumbukira Chun-Li, mkazi yekhayo pakati pa omenyana 8, amene anyamata ankamulimbirana chifukwa cha mateche ake othamanga. Kale kuposa apo, mu 1986, kampani ya Nintendo ya ku Japan inatulutsa masewera otchedwa Metroid. Wosewera ankayendetsa msilikali wovala zitsulo thupi lonse, dzina lake Samus Aran, ndipo amene anamaliza masewerawo msanga anadzidzimuka pamapeto pamene msilikaliyo anavula chisoti n'kupezeka kuti ndi mkazi. Mu 1996 kunabwera Lara Croft wa mu Tomb Raider, ndipo anyamata miyandamiyanda padziko lonse anakwera naye mapiri ndi kulowa naye m'mapanga popeza panalibe chidole china chosankha.

Anthu ophunzira anaifufuzanso nkhaniyi. Mu 2014 gulu lotsogozedwa ndi mayi Rosa Mikeal Martey wa ku Amerika linasindikiza zotsatira za kafukufuku wa anthu 375 osewera World of Warcraft. Linapeza kuti amuna 23 pa 100 alionse anasankha chidole chachikazi, pamene akazi 7 okha pa 100 alionse ndi amene anasankha chachimuna. Chochititsa chidwi n'chakuti amuna oyendetsa zidole zachikaziwo kayendedwe kawo kanakhalabe kofanana ndi ka amuna anzawo: ankalumphalumpha kwambiri ndi kuyenda chobwerera m'mbuyo kuposa m'mene akazi enieni ankachitira. Ndiye kuti pafupifupi mwamuna mmodzi pa anayi alionse anachita zimene mwana wa bambo uja anakwapulidwira, ndipo chovala cha pagalasi sichinasinthe mwini wake.

Tsono tiyeni tibwere kwathu kuno, pakuti ife Achewa ndife anthu osayenera kudabwa ndi nkhani imeneyi. Za kudambwe sizikambidwa panyuzipepala, ndipo ine sindilowako. Ndingonena zimene aliyense, ngakhale mwana wa kumbuyo, amaona pabwalo. Gule Wamkulu ndi mwambo wosungidwa ndi amuna, koma pakati pa zilombo pamatuluka Maliya, atavala chitenje ndi mpango, akuyenda monyang'wa, akuvina mwaulemu wachizimayi, amayi akumuimbira ndi kumuwombera m'manja. Amatuluka limodzi ndi Chadzunda, ndipo awiriwo amaphunzitsa mudzi wonse za banja. Kodi alipo anaimirirapo pabwalo n'kunena kuti mudzi walodzedwa chifukwa kwatuluka Maliya? Gule ameneyu bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse, m'dzina la maiko atatu, Mozambique, Malawi ndi Zambia, ndipo chaka chilichonse mu Ogasiti anthu a kuno amaoloka malire kupita ku Mkaika, ku Katete, kukamuonetsa pamaso pa Kalonga Gawa Undi pamwambo wa Kulamba.

Taganizaninso za kuukwati. Ndani sanaonepo mayi wamkulu, wolemekezeka kumpingo, atavala jekete yakutha ya amuna ake, buluku ndi chipewa, atadzipaka ndevu za makala, akuyenda ngati bambo woledzera kuti anthu aseke? Mawa lake amapita kumunda ali mayi yemweyo. Agogo aakazi potiuza nthano madzulo ankakhala Kalulu, kenaka Fisi, kenaka mfumu ya mawu aakulu, kenaka kamtsikana kolira kuchitsime, zonsezi pakamwa pamodzi. Kumasanje, atsikana akachepa, mnyamata wina ankagwira mthiko n'kukhala mayi wa pakhomo mpaka dzuwa kulowa.

Ngakhale ntchito yangayi ndi yotero. Pawailesi yaing'ono anthu ndife ochepa, ndipo tikamakonza sewero lophunzitsa za malungo kapena za kolera, munthu mmodzi amanyamula mbali ziwiri kapena zitatu. Ine ndakhala gogo wamkazi wokana kugona m'masikito kwa zaka zingapo, ndipo amayi ena akamandipeza pamsika amandituma kuti ndikapereke moni kwa gogoyo. Kunja nakonso n'chimodzimodzi. Ku England m'masiku a William Shakespeare mbali zonse za akazi zinkaseweredwa ndi anyamata, mpaka 1660 pamene akazi analoledwa kukwera pansanja. Ku Japan boma linaletsa akazi kusewera zisudzo za kabuki mu 1629, ndipo mpaka lero kuli amuna amene luso lawo la moyo wonse ndi kusewera mbali za akazi. Kuvala nkhope ya wina kwa kanthawi ndi khalidwe lakale la anthu. Chatsopano ndi galasi la foni basi.

Koma pali mbali ina ya nkhaniyi imene palibe kholo linaimbapo foni kudzaidandaula, ndipo imeneyi ndi imene ikundisowetsa tulo. Anyamata aja atabalalika, mwana wamkazi wa mlongo wanga, wa zaka 16, anabwera n'kugwada chapatali. "Amalume, inenso ndimasewera, koma chidole changa ndi chachimuna, dzina ndinalemba lachimuna, ndipo cholankhulira ndimatseka." Nditamufunsa chifukwa chake anayang'ana pansi. Anati tsiku limene analankhula anthu n'kumva kuti ndi mtsikana, ena anayamba kumutukwana kuti apite akaphike, ena kumupempha nambala, wina kumupempha zithunzi. Kuyambira tsiku limenelo anasanduka mnyamata wosalankhula, ndipo akusewera mwamtendere.

Zimene ananenazi si zake yekha. Mu 2013 akatswiri awiri a ku Amerika, Jeffrey Kuznekoff ndi Lindsey Rose, anasindikiza zimene anapeza atalowa m'masewera a Halo 3 ndi mawu ojambuliratu, ena a mwamuna ena a mkazi, onena zinthu zofanana ndi zosaputa munthu. Mawu a mkazi analandira zonyoza kuchuluka kwake pafupifupi katatu kuposa a mwamuna. Onani tsono kusiyana kwake. Mnyamata amavala chidole chachikazi mwa kufuna kwake, pofuna liwiro kapena kukongola. Mtsikana nthawi zambiri amavala chachimuna pothawa. Ngati pali mwana wofunika kumukhazika pansi n'kumudzudzula, ndi uja amene akutukwana mlongo wa mnzake pacholankhulira, ngakhale chidole chake chikhale chachimuna chandevu mpaka pachifuwa.

Ife a ku Mozambique tikudziwa zimene mtsikana angachite akapatsidwa malo pakati pa anyamata. Maria de Lurdes Mutola anakulira ku Chamanculo, ku Maputo, akusewera mpira m'timu ya anyamata. Mlakatuli José Craveirinha ndi amene anamuona n'kumulimbikitsa kuti ayambe kuthamanga, ndipo mu 2000 ku Sydney anatibweretsera mendulo yagolide yoyamba ya Olimpiki pa mtunda wa mamita 800. Kutsidya ku Malawi, Temwa Chawinga wa ku Rumphi anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya akazi ya ku Amerika mu 2024, chiwerengero chimene panalibe anachifikapo m'chaka chimodzi. Opanga masewera a mpira a FIFA anayamba kuikamo matimu a akazi mu 2015. Mnyamata wa ku Chifunde akasankha wosewera wamkazi pagalasi chifukwa amamwetsa zigoli, ine ndimaona mwana amene waphunzira kulemekeza luso posayang'ana kuti lili m'thupi la yani. Phunziro limenelo akuluakulu ambiri sitinalimalize.

Sindikunena kuti m'masewerawa mulibe choopsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Gule ali ndi bwalo lake, nthawi yake ndi akuluakulu omuyang'anira; ng'oma ikaleka, aliyense amabwerera kwawo. Foni ilibe mwini bwalo. Mnyamata wina pagulu lija anaulula kuti akakhala ndi chidole chachikazi ndi dzina lachikazi, anthu osawadziwa amamuteteza, amamugawira zida, ena mpaka kumutumizira mphatso. Pamenepa ndinamuimitsa. Kusankha Kelly kuti uthamange ndi masewera. Kuuza munthu kuti ndiwe mtsikana kuti akutumizire dayamondi kapena ndalama pa M-Pesa ndi e-Mola ndi kuba, ndipo mwana wozolowera zimenezi ali ndi zaka 15 adzakhala tsiku lina m'gulu la aja amatitumizira mauthenga abodza opempha kuti ndalama tiitumize panambala ina. Ndipo msampha womwewo ungamukole iyeyo. Mtsikana wokoma mawu amene akucheza naye usiku angakhale bambo wa zaka 40 amene akufuna zithunzi zake kapena nambala yachinsinsi ya foni ya amayi ake.

Palinso nkhani ya mfuti. Makolo athu ambiri anathawa nkhondo, ena ku Malawi, ena ku Ukwimi ku Zambia, ndipo anabwerera pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa ku Roma wa pa 4 Okutobala 1992. Gogo amene anagonapo m'tchire pothawa kulira kwa mfuti akamva kulira komweko kukuchokera m'manja mwa mdzukulu wake amene akuseka, mtima wake umapweteka, ndipo ali ndi chifukwa. Nkhani imeneyi ndi yoyenera kuti agogo ndi adzukulu aikambirane, mwanayo amve pakamwa pa mwini wake kuti mfuti yeniyeni ilibe kuyambiranso. Palinso nthawi ya kusukulu ndi ya kumunda imene ikuthera pagalasi, ndi ndalama ya sopo imene ikusanduka mamega. Izi ndi zimene kholo liyenera kuziikira malire. Tsitsi la chidole silili pam'ndandanda umenewu.

Ndisabise mbali yomaliza, popeza ndikudziwa kuti ndi imene ili m'mitima ya makolo amene amaimba foni. Padziko pano alipo anthu ena, ochepa, amene kusankha chidole kumakhudza mafunso akuya a m'mtima mwawo, a m'mene amadzionera okha. Chidole pachokha sichingakuuzeni kuti mwana wanu ndi mmodzi wa iwo, monga m'mene mwaonera kuti zifukwa n'zambirimbiri. Ndipo ngakhale zitakhala choncho, chikoti sichinayankhepo funso la mumtima. Chimangophunzitsa mwana kubisa, ndipo mwana wobisa ndi amene amakafuna womumvetsera kwa alendo a pa intaneti, kumene kuli afisi. Mwana amene amadziwa kuti angalankhule ndi bambo ake, mayi ake kapena malume ake osamenyedwa ndi wotetezeka kuposa amene walandidwa foni, pakuti foni adzabwereka ya mnzake.

Tsono pempho langa kwa inu makolo anzanga ndi ili. Madzulo ena mukaweruka kumunda, muitaneni mwanayo, mukhale naye pamphasa, mumuuze kuti akuonetseni masewera akewo. Mufunseni dzina la chidole chake ndi chifukwa chimene anachisankhira. Mufunseni anthu amene amasewera nawo, ngati amawadziwa maso ndi maso, ndiponso ngati wina anamupemphapo chithunzi, nambala kapena ndalama. Mufunseni kuti pagulu lawo mtsikana akalankhula amamuyankha bwanji, ndipo iye amatani anzake akayamba kumutukwana. Mugwirizane maola osewera ndi ndalama imene angaononge pa sabata. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ana aakazi nawonso muwafunse, chifukwa ambiri akusewera mobisa kawiri, kubisalira inu ndi kubisalira anzawo a m'masewera. Ndipo inu anyamata amene mumawerenga tsamba lino, mwina pagulu lanu pali mnzanu wina waluso amene sanatsegulepo cholankhulira chiyambire. Tsiku limene adzalankhule n'kupezeka kuti ndi mtsikana, mudzamulandire monga m'mene mungafunire kuti anthu alandire mlongo wanu, ndipo masewera apitirire.